Ngalande Yomwe Tinakumba Kumathiriro a Zambezi

Bwerani kuno ana inu, iwe Tadala ndi iwe Yamikani, mafoniwo muyambe mwawaika pansi. Mwandiseka mokwanira chichokereni Loweruka lija. Ndamva kuti mwauza kale anzanu onse a kutchalitchi kuti agogo anaimitsa galimoto pa ulendo wa ku Mandurah chifukwa chofuna kununkhiza ngalande. Ndi zoona, ndinaimitsa, ndipo ndinakagwada m'mphepete mwake ndi chitenje changa chatsopano. Amayi anu anachita manyazi, amvekere anthu odutsa aziganiza kuti nkhalambayi mutu wasokonekera. Koma fungo lija la ngati mazira oola, ndi madzi aja ofiira ngati dzimbiri, ndinaziona komaliza ndili mtsikana, kutali kwambiri ndi kuno ku Perth. Sindinkadziwa kuti dothi lotero lilikonso kuno. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni. Mukhoza kumandiyankha m'Chingerezi chanucho, ndazolowera, bola muzimva.

Ine ndinabadwira ku Chikwawa, pa dothi la makande. Inu makande simuwadziwa. Ndi dothi lakuda bii, loti mwezi wa Okutobala limang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana, koma mvula ikagwa limamata kumapazi mpaka munthu kumayenda ngati wavala nsapato za njerwa. Bambo anga ankalima chimanga kudimba, thonje kumtunda. Pofika zaka khumi ndi zisanu ndinali nditagwira khasu kokwanira moti ndinkadziyesa katswiri. Ndinkati dothi likada ndiye kuti ndi lachonde, likayera ndiye kuti ndi losabereka, basi nkhani yathera pomwepo.

Kuno ku Girrawheen ndiye mwandionetsa zina. Mchenga wa kuseri kwa nyumbayi umakana madzi! Tsiku loyamba kuthirira bonongwe wanga ndinaona madzi akungogubuduka pamwamba ngati agwera pa tsamba la nthochi, nditafukula ndi chala pansi pali gwa, pouma. Ndinaima ndi hosipaipi m'manja osamvetsa. Kenako bambo anu anabwera ndi dothi la m'matumba lochokera kushopu. Dothi, kushopu! Anzanga a ku Chikwawa nditawauza pafoni anaseka mpaka kutsokomola. Koma ndisasochere, ndibwerere ku nkhani yanga.

Agogo anu aamuna, a Tomasi, sanali a ku Malawi. Kwawo kunali ku Mozambique, kumathiriro a Zambezi, kumene mtsinjewo umalowa m'nyanja yamchere. Anabwera kwathu kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ntchito yawo inali yokumba ngalande zochotsa madzi m'minda. Ankaidziwa ntchitoyo. Ankangoyang'ana malo ooneka athyathyathya n'kunena kumene madzi angalowere. Titakwatirana n'kubereka amalume anu a ku Lilongwe aja, kunabwera uthenga woti bambo awo amwalira, ndipo mayi awo atsala okha ndi minda. A Tomasi anali mwana wamwamuna yekhayo. Tinamanga katundu.

Ulendo wake sunali ngati wanu uja wokhala pampando n'kumaonera filimu m'mwamba. Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Mutarara, kenako bwato lalikulu lonyamula matumba a mchere ndi mbuzi ziwiri. Tinayenda masiku anayi. Ine mwana kumsana, m'manja kathumba ka mbewu ya chimanga komwe bambo anga anandipatsa potsanzikana. Tsiku lachinayi mtsinje unayamba kugawikana, uku kamtsinje, uku kamtsinje, mpaka sindinadziwenso kuti Zambezi weniweni ndi uti. Ndipo masana ndinaona chinthu chomwe chinandiimitsa mutu: madzi anasiya kutsika n'kuyamba kubwerera kumene tinachokera. Ndinawagwira mkono a Tomasi.

“Mtsinjewu ukubwerera m'mbuyo!”

Iwo anaseka. “Ndi nyanja imeneyo, Esinati. Imakankha madzi kawiri pa tsiku. Uzolowera.”

Dziko lake linali lathyathyathya, lopanda phiri, lopanda ngakhale mwala umodzi. Mafuwa ankachita kuumba ndi dothi. Apongozi anga, mayi Rozina, anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa mapazi otambalala chifukwa choyenda m'matope moyo wonse. Iwo ankalankhula Chisena cha kunyanja, ine Chimang'anja changa, koma tinkamvana. Patangopita masiku atatu ananditenga kukandionetsa minda, ndipo ulendo umenewo sindiuiwala chifukwa ankayenda akulawa dothi. Inde Yamikani, usakwinye nkhope, kulawa ndi lilime. Ankatapa pang'ono, kulifikisa pakati pa zala, kulinunkhiza, kuliika palilime, n'kulavula.

Tinayambira pamtunda pomwe panali nyumba. Ndikati mtunda musaganize phiri, kanali kamzere ka mchenga kokwera mwina kufika m'chiuno mwa munthu, kotalika ngati msewu. “Apa ndi pa kokonati, chinangwa ndi mbatata,” anatero. “Madzi sakhalapo, ndipo chakudya cha mbewu n'chochepa.” Titatsika pang'ono tinalowa m'dambo la dothi lakuda lomata, lomwe mtsinje unkalithira matope atsopano chaka chilichonse. “Apa ndi pa mpunga.” Tinapitirira mpaka kumapeto, kufupi ndi nkhalango ya mitengo ina yomera m'madzi amchere, ya mizu yoima pamtunda ngati miyendo ya nkhanu. Pamenepo dothi linali lakuda kuposa lonse, lofewa ngati phala, ndipo madzi sankaphwerapo ngakhale m'chilimwe.

“Chigawo ichi ndi chanu,” anatero. “Mpunga umachita bwino, bola madzi a mtsinje azikhalamo. Koma dothi ili limagona m'madzi. Musalidzutse.”

Ine ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinkaseka. Ndinali ndisanaonepo dothi lakuda chotero. Ndinkati makande a bambo anga ndi mwana chabe poyerekeza ndi ili. Anthu awa akungotaya chonde ndi mpunga, ndinkatero, chifukwa sadziwa kuchotsa madzi m'munda.

Muyenera kumvetsa, ana inu, kuti kumeneko kunali mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo. Mpunga wa nsomba, mpunga wa nkhanu, mpunga wothira madzi a kokonati. Inu mukanasangalala, si inu mumalira mpunga tsiku lililonse? Ine pakutha pa miyezi itatu ndinkalota chimanga chachiwisi chootcha. Ndinayesa kudzala mbewu pang'ono pamchenga paja, chinamera chachikasu, chowonda, n'kubereka tizitsononkho topanda maso. Kathumba kaja ndinkakatsegula n'kumangoyang'ana mbewu yotsalayo. Sichinali chimanga chokha chomwe ndinkachisowa, ndinkasowa kwathu, koma nthawi imeneyo sindinkatha kusiyanitsa.

Ndiye ndinayamba kuwanyengerera a Tomasi. “Inu mwaumitsa minda ya eni ake zaka zonsezi, mukulephera kuumitsa kamunda ka mkazi wanu?”

“Mayi anati tisaumitse.”

“Mayi sanaonepo ngalande yokumbidwa bwino. Inuyo mukudziwa chifukwa chake akuletsa?”

Sankadziwa. Anachoka kwawo ali mnyamata, ndipo anangokula akumva kuti kumunsi kuja sakumbako. Ndinawavutitsa milungu ingapo, mpaka tsiku lina ndinanena mawu omwe ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati ngati sindikhala ndi munda wa chimanga chaka chino, ine ndi mwana tikukwera bwato kubwerera ku Chikwawa. Ndinanena mokweza, pabwalo, apongozi ali potero akusenda chinangwa. Sanatukule mutu.

Tinayamba kukumba mwezi wa Julaye. A Tomasi anatsogolera ngalande kuchokera pakati pa munda wathu mpaka kukalowa m'kamtsinje kena kodutsa kumunsi. Pamwamba dothi linali lakuda, koma titafika mozama ngati m'mawondo linasintha, linakhala lotuwa mobiriwira ngati chiwindi choyamba kuwonongeka, ndipo linatulutsa fungo lija munandiona ndikulinunkhiza Loweruka. Tsiku limenelo apongozi anabwera. Anatsikira m'ngalandemo, anatapa dothi lotuwalo, kulinunkhiza, koma sanalilawe.

“Mwafika pa dothi lonunkha,” anatero. “Kwirirani lero lomwe, dzuwa lisanalione.”

A Tomasi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali n'kupitiriza kukumba. Apongozi anasamba m'manja m'madzi a m'ngalandemo, anakwera, n'kumapita. Sanabwerezenso nkhaniyo.

Ngalande inagwira ntchito, pamenepo agogo anu sanalakwitse. Pofika Okutobala munda unali utauma, woyendamo ndi nsapato. Ndinapanga mizere yanga yooneka bwino ngati ya kwathu, anthu odutsa n'kumaima kuyang'ana. Koma ndinayamba kuona zachilendo. M'ming'alu ya dothi munatuluka timawanga tachikasu ngati munthu wawazamo ufa wa chimanga chofiira. Khasu langa, lomwe ndinkalipukuta tsiku lililonse, linkachita dzimbiri pofika m'mawa. Mapazi anga anayamba kuthetheka pakati pa zala. Ndinkadabwa, koma ndinkadziuza kuti ndi mmene dothi la kuno limachitira.

Mvula yoyamba itagwa ndinadzala mbewu yonse ya bambo anga, osasiyako ngakhale njere imodzi. Chinamera. Ndinavina m'munda ndekhandekha. Chinakula kufika kutalika kwa chikhatho, n'kuima pomwepo. Masamba anayamba kufiira, nsonga zake kupsa ngati zawauka ndi moto. Nditazula phesi limodzi ndinapeza mizu yake ili yaifupi, yakuda, yopindikira m'mwamba ngati ikuthawa dothi. Pasanathe milungu itatu munda wonse unali utauma, mvula ikugwa bwinobwino.

Chikanakhala chimanga chokha, bwenzi ndikungolira n'kuiwala. Koma mvula ija inatsuka munda wathu n'kutsitsira madzi ake m'ngalande. Poyamba madziwo anali oyera mbee, oonekera mpaka pansi, opanda ngakhale mbululu imodzi. Ndinkati ndi madzi abwino. Kenako anayamba kusiya utoto wofiira pa udzu ndi m'mphepete monse. Ndipo ngalande ija, monga ndanena, inkathira m'kamtsinje. M'mawa wina ana anabwera akuthamanga ndi nsomba zodzaza m'manja, akuti zikungoyandama zokha, mimba m'mwamba.

Kumunsi kwa kamtsinjeko kunali munda wa mayi wina wamasiye dzina lake Inesi, wa ana anayi. Nazale yake ya mpunga inkamwa madzi a kamtsinje komweko. Anafika pakhomo pathu dzuwa lili paliwombo, m'manja atanyamula mbande zofiirira ngati fodya wouma. Sanakhale pansi, sanapereke moni. Anaziponya pamapazi anga.

“Mlendo iwe, ana anga adya chiyani chaka chino?”

Pofika madzulo nkhani inali itafala mudzi wonse kuti mkazi wa Tomasi anabwera ndi mankhwala m'kathumba, ndipo wawakwirira m'munda kuti aphe mpunga wa anthu, onse azidya chimanga ngati kwawo. Kathumba ka mbewu kaja, ana inu! Kuchitsime amayi ankachotsa ndowa zawo ndikafika. Wina anakokera mwana wake kutali ndi mwana wanga. Musaseke, nthawi imeneyo mawu otero ankatha kumuthamangitsa munthu pamudzi, nthawi zina ndi zoposa pamenepo. Abale a malemu mwamuna wa Inesi anabwera gulu, amuna asanu, n'kuima pabwalo pathu kuti ndikafukule zomwe ndinakwirira.

Apongozi anatuluka m'nyumba ndi chikho m'manja. “Tiyeni konko,” anatero. Tonse tinawatsatira mpaka kungalande. Anatunga madzi ofiira aja, analawa iwo oyamba, n'kupatsira wamkulu wa amuna aja.

“Lawani. Musameze.”

Bamboyo analawa n'kulavula msanga. “Akuwawasa ngati bwemba, ndipo akumanga mano.”

“Ndili mtsikana,” anatero apongozi, “anthu anakumba njira ya mabwato kuseri kwa nkhalango iyo, n'kuunjika dothi lonunkha padzuwa. Madzi anawawasa chomwechi, nsomba zinafa chomwechi. Mwana uyu anali asanabadwe. Palibe mankhwala apa, ndi khasu lachita izi. Khasu lake ndi la pakhomo panga, ndiye mlanduwu ndi wanga. Inesi atenga theka la mbande za m'nazale yanga, ndipo mpongozi wangayu akamuokera mpaka munda utatha.”

Amuna aja anayang'anana. Mmodzi wachikulire anati akukumbukira za njira ya mabwato ija. Anabalalika mmodzimmodzi.

Mawa lake tinayamba kukwirira ngalande yomwe tinaikumba mwezi wathunthu. Tinagumula mizere yanga, tinamanga timakoma ta dothi kuzungulira munda, kuti madzi a mtsinje akasefukira azikhalamo. Apongozi ankati tiwasunge masiku angapo, kenako tiwatulutse pang'onopang'ono nthawi yomwe mtsinje wadzaza kwambiri, kuti kuwawasako kusungunuke m'madzi ambiri. Tinachita zimenezo kambirimbiri. M'chilimwe tinkapita kunyanja kukatola zigoba za nkhono madengumadengu, kuziwotcha pa nkhuni mpaka zitasanduka ufa woyera, n'kumawaza m'munda.

Ndipo ndinaokera mpunga wa Inesi, nditawerama m'madzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sabata yoyamba sankandilankhula. Yachiwiri anandilanda mbande m'manja. “Osati choncho, ukuzimiza khosi. Taona.” Umo ndi mmene ndinaphunzirira kuoka mpunga, kwa munthu yemwe ndinamuphera nazale. Chaka chimenecho pakhomo pathu mpunga unachepa, tinadalira chinangwa ndi nkhanu, ndipo apongozi anaonda ndikuona.

Chomwe chinandisautsa zaka zonsezi n'chakuti sindinkamvetsa. Dothi limodzi lomwelo, likakhala m'madzi likubereka mpunga, likauma likupha nsomba. Zimatheka bwanji? Apongozi ankadziwa kuti zimachitika, koma chifukwa chake sankachidziwa. Titabwerera ku Malawi ndinafunsapo alangizi a zaulimi awiri kapena atatu, onse anati sanazionepo, wina anachita kundifunsa ngati sindinalote. Ndiye Loweruka lija iwe Tadala, ndi sukulu yako ya zanthaka ya ku yunivesite ya Murdoch, unangotembenuka pampando wakutsogolo n'kundimasulira ngati nkhani wamba. Unati matope omwe nyanja inasiya kalekale pamodzi ndi masamba oola amasunga chitsulo ndi sulufule, ndipo zimenezi zimakhala phee malinga ngati mpweya sukuzifika, koma ukangochotsa madzi mpweya n'kulowa, zimasanduka asidi wonga wa m'batire ya galimoto. Ndanena bwino? Funso lomwe ndayenda nalo mpaka imvi, iwe kuliyankha uku ukutafuna chingamu!

Unandionetsanso pafoni mapu a mitundumitundu aja, akuti apa mpoyenera ndiwo zamasamba, apa msipu wa ng'ombe, apa osakumba usanapimitse dothi. Ndakhala ndikuwaganizira mapu amenewo sabata yonseyi. Ndikufuna udzandifunsire kwa aphunzitsi ako ngati dothi lotero limachira lonse, kapena limangogonanso kudikira wina wa khasu. Undifunsirenso ngati zigoba zathu zija zinkathandizadi, kapena tinkangodzitopetsa. Ulembe, usaiwale, ndikudziwa mitu yanu.

Tinakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka nkhondo ya m'dzikomo inatibweza ku Malawi. Apongozi anakana kuchoka, anati sangakafere pa dothi lomwe sanalilawepo, ndipo sindinawaonenso. Koma tisanafike pa zimenezo, munda uja unachira. Chaka choyamba sunamere kanthu koma udzu wolimba ngati waya. Chachiwiri mpunga unamera wa apo ndi apo. Chachitatu unachita bwino ndithu, ngakhale kuti pomwe panadutsa ngalande pankaonekabe mzere wa mpunga waufupi kuchokera pakati mpaka kumapeto.

Tsiku lokolola tinali awiriwiri ndi apongozi, aliyense ndi kampeni kake, tikudula ngala imodziimodzi monga amachitira kumeneko. Titafika pa mzere waufupi uja ndinalimba mtima.

“Amayi, munkadziwa zonse zomwe zidzachitike?”

“Za nsomba ndi chimanga ndinkadziwa. Za nazale ya Inesi sindinaganize kuti madziwo akafika kumeneko. Pamenepo ndinalakwa ndine.”

“Nanga bwanji simunatiletse zolimba? Mukanangolanda makasu, munda ndi wanu.”

Anadula ngala zina ziwiri, n'kuziika bwinobwino m'dengu.

“Ndinakuuza kawiri. Ndikanakuuza kachitatu ukanakwera bwato, ndipo mwana wanga akanakutsatira, ndinamuona m'maso. Ndinakhala pansi n'kuganiza kuti munda ukafa umadzuka pakapita zaka zitatu. Koma inu mukanapita simukanabweranso.”

Ndinaima chilili, kampeni m'manja, misozi ikugwera m'madzi. Iwo sanandiyang'ane n'komwe. Anangoloza ndi chibwano kutsogolo kwanga.

“Wasiya ngala apo, mwananga. Mbalame zisatidyere.”